Chilolezo cha Latifu

Latifu, achimwene ake a Maimuna, anamwalira mu Epulo 1998 atadwala miyezi isanu. Anasiya kadisiketi, ndipo m'menemo munali pulogalamu imene analemba yekha, yowerengera nthawi za swala, mapemphero a Chisilamu, kulikonse kumene munthu ali. Akatswiri amaitcha laibulale, poti siyenda yokha, mapulogalamu ena ndiwo amabwerekako nzeru. Latifu ankafuna kuti ilowe mu Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene anthu amagawana ulere, koma matenda anamudukiza.

Maimuna anali atangolemba mayeso a Fomu 4. Sanauze munthu kunyumba, anangoyamba kupita ku ofesi ya bungwe la asodzi pa boma, kumene Latifu ankagwira ntchito, n'kumasanja mafayilo aja kukhala phukusi limodzi monga anamuphunzitsira.

Gulu losonkhanitsa mapulogalamu a Linux linali ndi lamulo: phukusi lisanalandiridwe, mnzako aliunike kaye. Woliunika anali Tryson wa ku Dwangwa, mnzake wa malemuyo.

"Wasanja bwino, chemwali," anatero Tryson, maso ali pa kompyuta. "Kuposa mwini wake. Uja ankalemba ngati nkhuku yapalasa."

Maimuna anamwetulira pang'ono.

"Nanga fayilo iyi, yonena kuti Latifu walola aliyense kutenga ndi kusintha, analemba ndani?"

"Achimwene."

"Kompyuta ikuti inalembedwa pa 9 Julaye." Tryson anatembenuka. "Latifu tinamuika mu Epulo. Ndinalipo."

Fayiloyo analemba ndi Maimuna, ataona kuti popanda chilolezo phukusi silingalowe. Dzina la achimwene ake analilembamonso yekha.

"Akanalola," anatero motsitsa. "Inu mukudziwa."

"Ndikudziwa. Koma kunjako adzakhulupirira siginecha yanga, osati zimene ndikudziwa. Katundu wa malemu ali m'manja mwa bambo. Akasaina iwo, ndivomereza lero lomwe."

Bambo ake, a Ramadhani, anali telala. Maimuna anawapeza pakhonde akusoka yunifolomu ya mwana wa sukulu. Anagwada, n'kufotokoza zonse, kupatula za dzina lija. Makina analeka kulira.

"Ndiye akatenga, akhoza kusintha?"

"Eya, baba. Akapeza polakwika amakonza."

"Latifu analakwitsa pati?"

"Sindikuti analakwitsa."

"Nanga asinthiranji? Anthu oti sitikuwadziwa, sanabwere ndi pamaliro pomwe."

"Dzina lawo likhalapo, baba. Anthu akutali aziswali pa nthawi yake chifukwa cha iwo. Ndi sadaka."

A Ramadhani anavula magalasi, n'kumawapukuta nthawi yaitali.

"Malaya ake ndinawachepetsa ndekha ndi makina awa kuti avale ena. Buku lake la kuntchito a ku ofesi analitenga. Chimenechi chokha n'chimene chili mmene anachisiyira. Undibweretsere, ndisunge."

"Baba, disiketi imawonongeka ikakhalitsa. Chinyontho cha kuno..."

"Ndamva, mwanangu. Undibweretsere."

Makina anayambanso kulira.

M'mawa mwake Tryson sanafunse. Anaona nkhope yake, n'kukoka mpando. Analemba lipoti lake pang'onopang'ono, akuliwerenga mokweza kuti Maimuna amve: phukusi lasanjidwa bwino, likugwira ntchito, chilolezo cha mwini wake palibe, silikuvomerezedwa.

"Za tsiku lija sindinalembe," anatero. "Koma fayiloyo ufufute wekha."

Maimuna anakhala pa mpandowo. Anatsegula fayilo, n'kuwerenga mizere inayi ija imene anawayankhulira achimwene ake. Inkamveka ngati iwo ndithu, n'chimene chinamupweteka kwambiri. Anaifufuta kuyambira kumapeto, chilembo chimodzichimodzi, mpaka anafika pa dzina. Pamenepo chala chinaima.

"Pepa, chemwali," anatero Tryson.

Maimuna anadina kasanu ndi kamodzi, kamodzi pa chilembo chilichonse cha dzinalo.