Ufa Wakuda Wokana Kuchoka

Mu labu yathu muli lamulo: amene ufa wake wayoyoka pachitsulo, amatsuka mabotolo a aliyense. Ine manja anachita kusuwa n'kutsuka.

Ntchito yathu ndi kuswa madzi pogwiritsa ntchito magetsi kuti tipeze mpweya wa haidirojeni. Kuti madzi asweke msanga, anzanga amadalira platinamu, chitsulo chosowa kwabasi. Ine ndinakakamira ufa wakuda wa nikelo ndi boroni, zinthu zosavuta kupeza. Ndinkaupanga m'botolo, n'kuumata ndi guluu pa kachitsulo konga siponji, n'kuviika m'madzi. Ndikayatsa magetsi, thovu la mpweya uja, mayo ine! Koma thovu lomwelo linkaukokolola ufawo, madzi n'kuda bii.

Abwana anatopa nane. "Chemwali, madzi akadanso Lachisanu, tebulo ili ndipereka kwa wina."

Winayo anali Katswiri, mnzathu amene anadzipatsa yekha dzinalo. Katoni yake anaiika kale pakona ya tebulo langa, wopanda manyazi.

"Mayi, onjezerani guluu," anatero akundipatsira mabotolo ake akuda.

Ndinapsa mtima zedi. Guluu ndinali nditaonjezera kale mpaka ufa unatsamwa, thovu osatuluka n'komwe. Ndinapita kusinki ndikung'ung'udza.

Mabotolo onse anayera, kupatula langa lopangiramo ufa. M'mbali mwake munali chikanga chakuda. Ndinakwecha, ndinapala, ayi ndithu. "Iwe, pachitsulo umathawa, pano wakakamiranji?" ndinachikalipira. Kenako burashi inaima yokha. Apa palibe anamatapo guluu. Ufawu unabadwira pomwepa.

Ndinataya guluu uja m'bini. Siponji yachitsulo ija ndinaiponya m'botolo ufa usanapangike, kuti ubadwire pachitsulo penipenipo. Koyamba inatuluka yamawangamawanga. Ndinabwereza, ndikudontheza mankhwala opangira ufawo pang'onopang'ono, mpaka inatuluka yakuda ngati khala.

Lachisanu m'mawa ndinayatsa magetsi, mtima uli m'mwamba. Thovu linawira. Masana abwana anasuzumira n'kupita. Katswiri ankangodutsadutsa ngati wataya singano. Nthawi yoweruka itakwana, abwana anaunika madzi aja pawindo. Madziwo anali mbee, thovu likadali kuwira.

"Musazimitse," anatero. "Lolemba tidzaonenso."

Misozi inalengeza, koma sindinafune kuti Katswiri aione. Ndinanyamula katoni yake n'kumuikira m'manja.

"Achimwene, mwaiwala katundu wanu patebulo langa."