Nsapato Zobwereka

Njala itafika posauzana, mtsikana wina wa pa koleji analimba mtima kuti apite ku ofesi yothandiza ophunzira ovutika. Amayi ake ankakonda kunena kuti kwa akuluakulu sapitako ngati wamisala, ndiye anabwereka diresi ndi nsapato zonyezimira kwa mnzake wogona naye chipinda chimodzi.

Akufotokoza zoti bambo ake anachotsedwa ntchito, mkulu wa mu ofesimo ankangogwedeza mutu, maso ali pa nsapato zija.

"Pepani, tikuyamba ndi ovutikitsitsa," anatero mkuluyo. "Inuyo mukuonekako bwino."

Mtsikanayo anafuna kunena kuti nsapatozo si zake, koma manyazi anamutseka pakamwa. Anathokoza n'kutuluka.

Mnzake uja ankamudikira pakhomo. "Zatheka? Vula msanga, ndikuchedwa."

Anavula nsapatozo, n'kubwerera m'masilipasi ake omanga ndi waya.