Makina Amene Anabwera Kudzandimasula

Ntchito yanga pa phiri lija inali yotunga mpweya. Lachiwiri lililonse ndinkatenga mabotolo agalasi, n'kupita kumapeto kwa thanthwe, kuyang'ana kochokera mphepo, kubanika osapuma, kenako n'kutsegula. Ukapumira pafupi, botolo lawonongeka. Ukasuta m'mawa umenewo, lawonongeka. Mphepo ikamachokera kunyumba, mbaula uzimitse, ngakhale chipale chitafika m'mawindo.

Mabotolowo ankatsikira ku Sofia kwa Profesa Bistra Doncheva. Iwo ankayeza utsi ndi mpweya woipa wopezeka m'menemo n'kulemba mabuku, ndipo akatswiri a ku Germany ndi ku Japan ankawatchula m'mabuku awo. Imvi zawo zinamera ali m'ndege, popita kukalandira ulemu. Zanga zinamera pa thanthwe.

Mawondo atayamba kukana, ndinawauza kuti ine basi. Mwana wanga Gergana anali atandikonzera chipinda ku Plovdiv. Kwina kopita ndinalibe, nyumba yakumudzi inagwa kalekale. A Profesa analonjeza makina otunga okha mpweya, ndipo anati ndidzatsika chisanu chisanatseke njira.

Anabweradi, m'sabata yomaliza imene ngolo ya pa chingwe imayenda. Kolyo, woyendetsa ngoloyo, anatsitsa bokosi akuseka.

"Bai Stamen, wokulandani ntchito uja ndi uyu. Sasuta, samwa kachasu wa rakiya, sadandaula."

"Ndiye um'patse mlongo wako akwatire," ndinatero. "Chikwama changa icho. Kweza."

A Profesa, amene anabwera nawo pa ngoloyo, anandipatsa banitsa ya m'pepala, chitumbuwa cha tchizi, ikadali yofunda. Mayi ameneyu sanandibweretserepo chakudya popanda nkhani.

"Bai Stamen, tiyeni tikhale pansi kaye."

"Ndakhala mokwana, mayi."

"Mukudziwa mmene timachitira tikamasintha chipangizo. Chatsopano ndi chakale ziyenera kuyendera limodzi chaka chathunthu. Tikapanda kutero, manambala akadzasintha, ndani adzadziwe ngati wasintha ndi mpweya kapena ndi makina? Ntchito ya moyo wanga wonse iduka pakati. Anzathu akunja sadzaikhulupiriranso."

"Chakalecho ndi chiti?"

Iwo anayang'ana pansi. Anayankha ndi Kolyo. "Ndinu, mdala."

"Pezani munthu wina."

"Wina ndi dzanja lina, kaimidwe kena. Ndiye kuti tasintha ziwiri nthawi imodzi. Muyenera kukhala inuyo."

"Pamene munkalonjeza paja, zimenezi simunkazidziwa?"

"Ndinkayesa mwamva bwino."

Bodza. Anthu ophunzira akafuna kukumanga safuna chingwe. Amangosiya mawu amodzi osanena.

"Ndikutsika lero," ndinatero. "Mpweya wanuwo muutunge nokha."

"Mwalankhula ndi Gergana? Ine ndinalankhula naye mwezi watha."

Anaimba foni yawo n'kundipatsa. Mwana wanga anayankha mosangalala ngati kuli ukwati.

"Ababa! A Profesa anatitumizira buku, dzina lanu lilimo kumapeto. Ana anapita nalo kusukulu, aphunzitsi mpaka anawerengera kalasi yonse!"

"Gergana, ndikubwera madzulo ano."

Ndinamva mapoto akugundana.

"Koma ababa, anati mwavomera chaka china. Chipinda chija tayamba taikamo apongozi anga, mwendo uja wawavuta. Nanga tikanachisiya chokhoma? Chaka n'chiyani kwa inu, mwazolowera. Chilimwe chikubwerachi tidzaona."

"Mudzaona."

"Musakwiye, ababa. Masokosi ndatumiza ndi a Profesa."

Ndinabweza foni. Kolyo anali atasiya kuseka. Anayang'ana mitambo imene inkakwera kuchokera kuchigwa, n'kuyang'ana ine.

"Bai Stamen, mphepo ikukula. Chikwamachi nditani nacho?"

Ndikanakwera. Palibe akanandigwira mkono. Koma pansipo n'kukagogoda pati? Kukagona pa khonde la mkamwini wanga, adzukulu akundilumpha popita kusukulu?

"Tsitsa," ndinatero.

A Profesa anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Anati sayansi sidzandiiwala. Atalowa kale m'ngolo anasuzumira pa windo.

"Ndinatsala pang'ono kuiwala. Makinawo safuna kuzizira. Muwaike m'chipinda chanu, ndi chokhacho chofunda. Anyamata abwera mawa kudzalumikiza mapaipi."

Ngolo inatsika n'kulowa mu nkhungu. Ndinakokera bokosi lija m'nyumba, ndikupumula pa sitepe iliyonse. M'chipinda silinakwane. Ndinatulutsa mpando wanga ndi tebulo, bedi n'kulikankhira kukhoma.