Bambo wobuula m'mbale za Tisunge

Ine ndimachenjeza. Wofuna kumva amve, wosafuna asiye, koma zikadzachitika asadzanene kuti Nangozo sananene. Chibwerere kuno ku Glasgow, kumene anandiitanira mwana wanga Ketrina, ndachenjezapo za masitepe onyowa, za ketulo yamagetsi, za agalu okwera basi ngati anthu, ndi za mazenera a fulati yathu ku Easterhouse, amene mwana akhoza kugwerapo ngakhale m'nyumba muno mulibe mwana.

Tisunge ndi mdzukulu wanga, mwana wa Ketrina. Ndi mtsikana wamkulu, amagwira ntchito yoyeza anthu maso m'tauni. Ali ndi mbale za galamafoni, zakuda zija, makatoni ndi makatoni, zonse za nyimbo za mtundu umodzi zimene amati jungle. Akuti anayamba kuzimva ali wamng'ono ku Sighthill, nyumba zazitali zija asanazigwetse, zikudutsa khoma kuchokera kwa mzungu wina dzina lake Maurice. Loweruka amakwera sitima kupita ku Partick kukafufuza m'masitolo a zinthu zakale, n'kubwera atakumbatira imodzi ngati khanda. Amaigwira m'mphepete mokha, amaipukuta ndi kabulashi, ndipo saigoneka, amaiimika. Nyimbozo ine sindinkazimva, poti amamvera ndi zakukhutu kuti asadzutse amake, amene amagwira usiku kunyumba ya okalamba n'kumagona masana. Ndinkangoona mutu ukugwedezeka, n'kumamuuza kuti khosi limenelo lidzamuvuta atakalamba.

Mavuto anabwera ndi amayi Deborah a kumapemphero. Ketrina anali atadandaula mutu kwa nthawi, ndiye iwo anabwera kudzamupempherera. Podutsa pakhomo la chipinda cha Tisunge anaona makatoniwo, nafunsa kumene zinthuzo zimachokera. Atamva kuti zina ndi za anthu amene anamwalira, abale n'kukatula katundu wawo kusitolo, anagwira pakamwa. Anati katundu wa malemu osawadziwa salowa m'nyumba chisawawa, ndipo chimene chikudwalitsa Ketrina sichofunanso kufufuza. Madzulo ake Ketrina anagamula kuti Lamulungu likamafika, mbalezo zikhale zitatuluka.

Tisunge sanakweze mawu. Anangoti mnzake wina ku Partick ali ndi chipinda chopanda munthu, ndipo mbale zikatuluka iye atuluka nazo.

Ine sindinafune kuti apite. M'nyumba muno amene amakhala nane pansi n'kucheza ndi Tisunge, ndi Chichewa chake chokhotakhota chija. Ndiye amandiperekeza kuchipatala n'kundiuza zimene wanena dokotala, ndiye amandiwenga zikhadabo za kumapazi. Komanso mtsikana wotuluka pakhomo ali wokwiya sabwerera msanga, ndawaona ambiri ku Ntcheu. Koma za katundu wa malemu nanenso ndimaziopa, mwina kuposa amayi Deborah amene.

Kwathu ukamapatsa mlendo thobwa umayamba wamwako mwiniwe, aone kuti mulibe kanthu. Ana anga sanadyepo chinthu chachilendo ine ndisanalawe, ngakhale mankhwala a kuchipatala ndinkayamba ndanyambita. Ndiye ndinati mbalezi anthu akuziweruza osazilawa. Ndizilawe ine nkhalamba, ngati muli choipa chigwire ine.

Kusukulu sindinapondeko, koma chimene dzanja la munthu lachita pamaso panga ndimachisunga. Lachisanu m'mawa, Tisunge atapita kuntchito, Ketrina ali m'tulo, ndinapemphera n'kulowa m'chipindamo. Ndinasankha mbale imene anasiya patsogolo, yokhala ndi pepala loyera pakati lopanda chilembo. Ndinaigwira m'mphepete, ndinaikhazika, ndinayatsa, ndinavala zakukhutu pamwamba pa duku, n'kutsitsa singano pang'onopang'ono monga amachitira mwini wake.

Poyamba ng'oma, koma zokwawa ngati woimbayo wadwala malungo. Pansi pake china chake chinkanjenjemeretsa mano anga otsalawa. Kenako mawu a bambo. Sankaimba, ankabuula, mokoka, ngati ali pansi pa chitsime. Tsitsi linandiimirira m'kati mwa duku. Ndinanyamula singano, koma sindinathawe, chifukwa munthu saweruza atalawa kamodzi. Ndinaika ina. Bambo wina, nayenso akubuula. Ndinabwezera zonse m'malo mwake n'kukakhala kukhitchini, tiyi mpaka kuzizirira m'kapu.

Ndikanamudzutsa Ketrina nkhani ikanathera pomwepo, mwana n'kupita. Koma mlandu suuza wina mwini wake usanamufunse. Tisunge atalowa madzulo, jekete lisanachoke m'thupi, ndinamukokera m'chipinda chake n'kutseka.

“Iwe, bambo amene akubuula m'mbale zakozi ndani?”

“Bambo uti, agogo?” Kenako maso anakula. “Mwagwira mbale zanga?”

Za bamboyo anaziiwala. Anasolola ija ya pepala loyera n'kuipendeketsa kugetsi, uku ndi uku, kufuna zala zanga. Ndinamuuza kuti asandione ngati mwana, ndagwira m'mphepete mokha. Atakhutira anaiika pagalamafoni, navala zakukhutu. Anamvera pang'ono, n'kuyamba kuseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

Ndinamudikira, chifukwa kuseka si yankho. Atapuma anandionetsa timabatani tiwiri pakona, timene chala chake chimadina mofulumira moti ine kupenya konse kuja sindinationepo. Akuti mbale zina zimafuna kuzungulira pang'onopang'ono, zina mothamanga. Dzulo lake anasiya makinawo pa liwiro laling'ono, pamene ziwiri ndinasankha inezo ndi zothamanga.

“Bambo wanu uja ndi uyu,” anatero, akundiveka zakukhutu. Anadina.

Anali mkazi. Mtsikana wa mawu okwera, oyera, akuimba ngati munthu amene wapambana mlandu. Ng'oma zija zinadzuka n'kuthamanga, zikuphanaphana, moti ndinagwira tebulo. Tisunge anatukula mbali imodzi ya zakukhutuzo n'kundiuza kukhutu kuti ndisathamangitse ng'omazo ndingagwe, ndimvere zapansi. Ndinamvera. Pansipo china chake chinkayenda mosapupuluma, chikuponda molemera ngati amuna akwathu povina ngoma, mpaka kumveka m'chifuwa. Pamwamba mpungwepungwe, pansi ulemu. Amene anakonza zimenezi anali ndi makutu.

Koma ine sindikhulupirira msanga. Ndinamuuza kuti adinenso kena kaja. Bambo. Adine aka. Mkazi. Ndinadina ndekha, bambo, mkazi, bambo, mkazi, mpaka Tisunge anadandaula kuti ndimuonongera makina. Mizimu ndamva mbiri yake kuyambira ndili mwana, ndipo palibe ngakhale umodzi umene umamvera batani.

Anandifotokozera zambiri, zina ndinagwira. Akuti nyimbozi ankazikonza anyamata, ambiri akuda ngati ife, m'zipinda zawo zogona ku London iye asanabadwe. Ankadula kaphokoso ka ng'oma m'nyimbo zakale, n'kukaduladulanso, n'kukalumikiza mwina kuti kathamange. Ya pepala loyerayo anaumba zochepa zoti akayesere kumagule, n'chifukwa chake ilibe dzina, ndipo iye anaisaka kuyambira ali pasukulu.

“Imeneyi ndiye ine ndi iwe tili chimodzimodzi,” ndinatero. “Palibe chowerenga.”

Ndinamufunsa ngati mwini wake woyamba anamwalira. Anati sakudziwa, mwina. Ndinatenga chikwama chapepala cha mbaleyo n'kuchiyang'anitsitsa. M'makona munali momata bwinobwino ndi tepi yakale yachikasu, ndipo mbaleyo inalibe pokandika ngakhale pamodzi. Apa mantha anga anatembenuka. Munthu amene anasamala chinthu chonchi, zaka zonsezo, ngati alidi kumanda, chimene chingamukwiyitse n'chiyani? Kuti mtsikana akuchipukuta ndi kabulashi, kapena kuti tachiponya m'bini pamodzi ndi makoko a mbatata?

Ketrina ndinamupeza akusita yunifolomu. Ndinamuuza kuti azimitse kaye simbiyo angatiwotchere nyumba, ndipo ndinamufotokozera zonse, kuyambira m'mawa.

“Amayi, inuyo? Inu amene mumatuluka m'khitchini maikulowevu ikalira?”

“Ine amene. Ndazimva ndi makutu angawa, ndipo ndili pano. Mulibe kanthu. Choopsa n'kuzitaya.”

Anafunsa za mutu wake. Ndinamuuza kuti munthu wogona masana ngati mleme, makatani ali otseka, chakudya n'kumadya choimirira, mutu ulekerenji kupweteka? Apite kwa dokotala, asiye kunamizira makatoni. Anafunsanso kuti amayi Deborah akawauza chiyani, poti Lamulungu adzafunsa pamaso pa anthu.

“Ukawauze kuti m'chipinda cha Tisunge zatuluka. Zili kwa amayi ako. Akafuna abwere adzanditulutse nazo.”

Ketrina anapinda yunifolomuyo, naipindulanso. Ndimamudziwa, ndinamubereka ndine: kutsutsana ndi mwana wake angathe, koma kulowa m'chipinda cha amake kukanyamula katundu sangayerekeze. Anangoti nyumba ino ili ndi eni ake ambiri, bola iye asazimve. Anatenga chikwama n'kupita kukadikira basi.

Loweruka m'mawa tinasamutsa. Wonyamula anali Tisunge, ine ndinkaloza: kutali ndi hita, poti akuti zikatenthedwa zimapindika, kutali ndi zenera kumene kumachita nkhungu. Galamafoni inakhala patebulo langa, mankhwala anga n'kusunthira pampando. Tili pakati foni yake inalira. Analankhula Chingerezi chakuno chothamanga chija, chimene ngakhale amake nthawi zina sachimva. Atatha ndinamufunsa kuti anali ndani.

“Mnzanga wa ku Partick uja, agogo. Ndamuuza kuti apeze wina.”

Anavula nsapato n'kudziponya pabedi panga, thukuta lili kamukamu. Kenako anafunsa ngati bedilo tingalikankhire kukhoma, chifukwa makatoni awiri analibe malo. Ndinakana. Khoma limenelo limazizira, ndipo chifuwa cha kuno chimapha.