Nambala Wani pa Bolodi ya Ambokile

"Yatsikanso, Mwalimu," anatero Ambokile akukhuthulira zitsekerero za mabotolo pathebulo. "Sabata yatha inali pa nambala thuu, lero ili pa folo."

Ndinamuuza kuti awerengenso. Anawerengadi, pang'onopang'ono mwadala, anyamata onse a m'tiyirumu yake akundiseka. Kenaka anafufuta pa bolodi dzina la nyimbo yanga, Njinga ya Malume, n'kulilemba m'munsi. Mtima unandiwawa ngati wotsitsidwayo ndine.

Ku Kaporo, m'zaka za m'ma 1980, tinali ndi kagulu kathu ka okonda nyimbo. Wailesi inkaulutsa mndandanda wake wa nyimbo zotchuka, koma ife tinkati a ku Blantyre sadziwa chimene chimagwedeza mwendo kuno, choncho tinkapanga wathu. Aliyense wokhala ndi mbale ya galamafoni, timbale takuda tija ta nyimbo imodzi mbali iliyonse, ankaibweretsa kwa Ambokile, iye n'kuilembera chitini chake. Ukamwa kapu ya tiyi ankakupatsa chitsekerero kuti uponye m'chitini cha nyimbo ya kumtima kwako. Loweruka masana ankawerenga, nalemba nyimbo khumi ndi choko pa bolodi yaitali imene inkatsamira khoma. Lamulo linali limodzi: mwini wa nyimbo imene ili pamwamba pa bolodi ndiye amatsegula dansi ndi mtsikana amene wamusankha, ndipo mtsikanayo sakana.

Ine ndinali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, Mwalimu m'kanenedwe ka kumeneko, katswiri pokalipira ana asukulu, koma pamaso pa Yunike lilime linkauma gwa. Yunike ankathandiza anamwino pa kachipatala ka kumeneko, ndipo kumapeto kwa mweziwo ankapita ku Blantyre kukaphunzira unamwino. Ndinkamufuna, ndisaname. Ndinadziuza kuti ndikangomugwira dzanja pa dansi imodzi, mawu adzabwera okha.

Chopinga chinali Morton. Iye ankathandiza amalonda kuwolotsa katundu pa mtsinje wa Songwe, ndiye mbale za ku Tanzania zinkamupeza zisanazizire. Rumba yake, Dora wa ku Mbeya, inakhala pamwamba ngati yakhomeredwa, ndipo Loweruka lililonse ndinkamuonerera akuzungulitsa Yunike ndi nsapato zake zosongoka zija. Yanga inkangoyendayenda. Inalowera pa seveni, inalumphira pa thuu anthu n'kundigwira chanza, kenaka folo, kenaka thuu kachiwiri. Pa thuu mpamene pamapweteka kwambiri, chifukwa umanunkhiza koma osalawa.

Palibe chimene sindinachite. Ndinamwa tiyi wa Ambokile mpaka mimba kumalira ndili pakati pa samu m'kalasi. Ndinanyengerera alimi a mpunga, ndinayamikira telala Kenan pa buluku limene anandisokera mokhota, ndinkaimba mluzu wa Njinga ya Malume pamsika kuti iwakakamire anthu m'makutu. Tsiku lina ndinakumana ndi Yunike panjira, ndipo anandifunsa akumwetulira ngati ndikufuna kukhala phungu, poti kampeni yanga yafika mpaka ku wodi ya amayi. Ine, chitsiru, ndinamuyankha za mvula.

Mvulayo inabweradi. Sabata yomaliza Yunike asananyamuke, mtsinje unasefukira, madzi n'kulowa m'tiyirumu mpaka m'akakolo. Ambokile ananyamula bolodi ija kuti isavunde, naikhomera pakhoma ndi misomali ikuluikulu. Morton ndi anzake omwa tiyi anatsekeredwa ku Songwe mpaka Loweruka m'mawa, ndipo zitini zawo zinagona ndi njala.

Masana amenewo ndinafika nditavala malaya anga a buluu, ositidwa mpaka kuwala. Pansi panali pakadali chinyezi, koma mabenchi anali atakankhidwira kumbali, mabatire atsopano ali m'galamafoni. Ambokile anawerenga, anakwera pampando, nalemba pamwamba penipeni: 1. Njinga ya Malume. Anthu anaomba m'manja. Yunike anali pafupi ndi zenera, ndipo anandiyang'ana osaphethira.

Ndikutulutsa mbale yanga m'chikwama chake cha pepala, phokoso linangoti zii. Pakhomo panali pataima bambo Zebedee, wapampando wa chipani m'dera lathu, ndi anyamata awo awiri. Sanayang'ane munthu aliyense. Maso awo anali pakhoma, pamene panali chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko, monga zinalili m'sitolo iliyonse. Tonse tinkadziwa kuti pakhoma sipayenera kukhala chinthu chopitirira chithunzicho, koma m'chipwirikiti cha madzi palibe anaona kuti mutu wa bolodi wachiposa ndi chikhatho chimodzi.

"Ambokile, mwana wanga," anatero mofatsa, "nambala wani m'nyumba muno ndani?"

Ambokile anapepesa m'Chinkhonde, akusisita manja, nati ndi madzi, azula misomali pompano atsitse. Bambo Zebedee anapukusa mutu.

"Yayi. Chimene chakwera pamwamba chakwera kale. Muidule bolodiyo, kapena tikalongosole ku Boma."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndi choko chabe, ndi nyimbo ya njinga, koma Kenan anandiponda phazi. Ndinali mlendo, wolembedwa ntchito ndi boma. Sowo inabwera kuchokera kwa kalipentala wa pafupi, ndipo Ambokile mwiniwake anakwera pampando uja nayamba kucheka, utuchi ukumugwera m'maso. Sowo inadutsa ndendende pakati pa mzere woyamba ndi wachiwiri. Kachidutswako anandipatsa ine, osandiyang'ana kumaso.

"Ndaga," anathokoza bambo Zebedee, nakhala pansi, naitanitsa tiyi. Anati achinyamata apitirize kusangalala, chipani sichidana ndi dansi.

Morton sanachedwe. Anakumbutsa anthu kuti lamulo lathu limanena za nyimbo imene ili pamwamba pa bolodi, ndipo aliyense wa maso akuona imene ili pamwamba. Ndinayang'ana Ambokile kuti anditeteze, koma iye anali kalikiliki kupukuta kapu youma kale. Ndani akanaika pagalamafoni nyimbo yongodulidwa kumene, woidulitsa ali pomwepo akuuzira tiyi? Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma ndinabweza mbale yanga m'chikwama.

Dora wa ku Mbeya inayamba. Morton anatambasula dzanja, Yunike ananyamuka. Podutsa pamene ndinaima anachepetsa liwiro.

"Zitsekerero zanga zonse zimagwera m'chitini chanu, Mwalimu," anatero motsitsa mawu. "Koma kodi munthu kuti alankhule mpaka bolodi imulole?"

Sanadikire yankho. Ndinaima kukhoma nyimbo yonse, nditakumbatira kathabwa kaja pachifuwa, ndikuwerenga m'mutu mawu amene ndidzamuuze ikatha. Itatha, Morton anaitembenuza mbaleyo, n'kuyamba mbali inayo. Lolemba m'mawa Yunike anakwera basi ine ndikuitana maina m'kalasi.

Nditafika kunyumba Loweruka lija ndinaika kathabwako pathebulo kuti ndionenso dzina la nyimbo yanga pamalo ake. Panalibe kanthu, thukuta linali litafufuta zonse. Choko yonse inali pa malaya anga a buluu, Njinga ya Malume itadindika chobwerera m'mbuyo pachifuwa, nambala wani ili cha kukhwapa.