Chaka cha Pakhoma

Amayi anga akhala akutaipa makalata pa kampani yogulitsa matayala kwa zaka khumi ndi chimodzi. Lachiwiri lina anabwera kunyumba masana, zimene sachita, n'kundipeza ndikuchapa.

"Siya zimenezo, vala nsapato. Suja unalemba mayeso a kompyuta iwe?"

Ndinalembadi, ndipo ndinakhoza mopulumukira. Tili m'njira anandifotokozera. Antivayirasi ya pa kompyuta yawo, ija yotchinga tizilombo towononga mafayilo, inali itakana apudeti, zatsopano zimene imalandira kuchokera pa intaneti, kwa milungu itatu. M'mawa uliwonse inkatulutsa kabokosi kofiira. Abwana anali atagamula kale kuti kachilombo kanalowa ndi fulashi ya amayi, mmene munali zithunzi za ukwati wa achemwali anga. Ananenanso kuti kabokosiko kakaonekanso Lachitatu m'mawa, pampando wa amayi padzakhala mlamu wawo wa abwanawo, amene amadziwa zamakono.

Ofesi yake ndi kachipinda kakuseri kwa sitolo, konunkha labala. Muli matebulo awiri, fani yosazungulira, ndi kompyuta imene amaifunditsa kansalu koluka akaweruka. Pakhomo panakhala mesenjala, amene onse amawatchula kuti a Liwiro chifukwa palibe anawaonapo akufulumira.

"Injiniya wake ndi ameneyu?" anafunsa abwana.

Ine ndinayang'ana nsapato zawo. Zinali zopukuta bwino.

Ndinakhala pampando wa amayi n'kudina apudeti. Kamzere kanayenda pang'ono, kanaima, kabokosi kofiira n'kutulukira. Mawu ake, m'Chingerezi, ankangoti china chake chalakwika, yesaninso. Pansi pake panali nambala yaitali yoyamba ndi ziro.

"Nambala imeneyo ndinaiimba ine," anatero a Liwiro. "Sikupezeka."

Ndinayesanso, poti bokosilo linatero. China chake chinalakwikanso. Ndinazimitsa kompyuta n'kuiyatsa, ndinagwedeza chingwe cha intaneti, ndinasesa fulashi ya amayi kawiri. Munalibe kachilombo, munali achemwali okhaokha atavala zoyera.

Kenako ndinalemba nambala ija pa foni yanga. Anthu a pa intaneti anali ndi mayankho ambiri, aliyense wotsimikiza zake. Wina anati fufutani zonse, wina anati gulani kompyuta ina. Pansi penipeni wina anangolemba kuti onani deti.

Ndinaona pakona. Tsiku linali lolondola, mwezi wolondola, nthawinso yolondola. Chaka chinali cha zaka zitatu zapitazo.

Ndinachikonza mwakachetechete n'kudinanso. Kamzere kanayenda mpaka kumapeto, pakona panawala zobiriwira. A Liwiro anaomba m'manja kamodzi.

Amayi sanasekerere. "Nanga mawa m'mawa?"

Funso lake linali lomveka. Ndinazimitsa kompyuta, ndinathimitsanso pakhoma monga achitira poweruka, kenako ndinayatsa. Panabwera sikirini yakuda yofunsa deti. Nditatambasula dzanja, a Liwiro anaimirira, koyamba chifikireni.

"Iwe mwana, pamenepo ndi pa abwana!"

Amayi anandinong'oneza kuti pa kampanipo kompyuta amaiyatsa m'mawa ndi abwana okha, chigulireni. Mwezi wathawu inayamba kuiwala deti, ndiye abwana ankailowetsa okha m'mawa uliwonse. Ndinadziwa kuti kabatire kam'kati kosunga nthawi katha, koma sindinanene, chifukwa abwana anali atakoka kale mpando.

Anavala magalasi. Analemba tsiku ndi chala chimodzi. Analemba mwezi. Atafika pa chaka anakweza mutu, anayang'ana kukhoma, n'kukopera.

Nanenso ndinayang'ana. Panali kalendala yaikulu ya kampani, yokhala ndi chithunzi cha abwana atavala suti, dzanja lili pa mulu wa matayala. M'mphepete mwake munali mutayamba chikasu. Miyezi ankaitembenuza mokhulupirika, Disembala akatha n'kubwerera pa Januwale.

Anadina apudeti okha. Kabokosi kofiira kanabwera.

"Mwaona?" anatero, akuloza ndi chibwano. "Mayi, mawa mubwere ndi chikwama chotengera katundu wanu."

Amayi anandiyang'ana. Kusukulu ndinatha zaka zinayi osakwezapo dzanja, ngakhale yankho ndikulidziwa. Fani yosazungulira ija ndinaimva ngati ikulira.

"Abwana," ndinatero, ndikuyang'anabe nsapato zija, "chaka chimenecho chinatha."

"Wati chiyani?"

"Chaka cha pakhomacho. Chinatha."

Anayang'ana kalendala, anayang'ana foni yawo, anayang'ananso kalendala.

"Liwiro, iwe unkadziwa?"

"Bwana, ife timangoona chithunzicho. Munatuluka bwino kwambiri."

Ndinafotokoza mwachidule kuti antivayirasi ikaona apudeti yochokera m'chaka chimene kwa iyo sichinafike, imaikayikira n'kuikana. Abwana anamvetsera akusisita chibwano.

"Ndiye kuti makinawa ndi osamala," anatero. "Ndinasankha bwino."

Kalendala inakana kutsika, poti panali chithunzi cha abwana. Amayi anadula kapepala, analembapo chaka chenicheni ndi cholembera chakuda, n'kukamata pamwamba pa chakalecho, mosamala kuti kasaphimbe tsitsi la abwana. Nditanena za kabatire kaja, a Liwiro anatumidwa kukagula katsopano pa sitolo ya kutsidya kwa msewu. Anabwera nako Lachisanu.

Lachitatu lija m'mawa, kabatire kasanafike, ndinawaperekeza amayi. Mlamu uja tinam'peza atafika kale, atakhala pabenchi, chikwama chatsopano pamiyendo. Abwana anavundukula kansalu, anayatsa, analemba tsiku, analemba mwezi, anakweza mutu n'kukopera zimene amayi analemba. Kamzere kanayenda mpaka kumapeto.

Mlamuyo anam'patsa tiyi, kenako anamuuza kuti adzamuimbira.

Amayi anapukuta mpando wawo ndi mpango, ngakhale panalibe fumbi, n'kukhalapo. Abwana sanapepese. Anayendayenda m'chipindamo, anagwiragwira fani, kenako anaima pafupi ndi tebulo.

"Mayi, fulashi ija muli nayo? Tiyeni tione ukwatiwo."