Makilo Anayi a Alamu Anga

Lachiwiri limenelo ntchito zinali kale pamzere: kuchapa matewera a Tumbikani madzi asanasiye pampopi, kukolopa, kutereka nyemba, kenako kumanga katundu wa Watipa. Watipa ndi mwana wanga woyamba. Ndinamusiya kwa amayi ku Dedza pomwe bambo ake anapeza ntchito yoyendetsa galimoto kuno ku Nairobi. Juni anali pafupi, ndipo kuzizira kwa ku Dedza ndimakudziwa. Ndinamugulira bulangete, juzi ndi nsapato za kusukulu.

Wonyamula anali alamu anga a Magdalene, achemwali a amuna anga. Amachokera kumsonkhano ku Vienna, anagona kwathu ku Embakasi, ndege ya ku Lilongwe inali ya madzulo. Anati m'sutikesi mwatsala malo a makilo anayi. Ndinakayeza katunduyo pasikelo ya kubutchala: atatu ndi theka.

"Tsono alamu, mukandionetse tauni," anatero.

"Mukufuna kukagula chiyani?"

"Palibe, kungoona basi. Ku Vienna ndinayenda tsiku lonse."

"Munasochera?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti kumeneko analipira kuti alowe m'nyumba ya mfumu yomwe inafa kalekale, kukaona mipando yosaloledwa kukhalapo. Ndinafunsa ngati anawapatsako tiyi. Ayi ndithu.

Ndinabereka Tumbikani, tinakwera matatu, maminibasi a kuno. M'tauni alamu amaima panyumba iliyonse yaitali, khosi m'mwamba. Inenso ndimayang'ana, ndimayesa mwina kukuyaka moto. Tinalowa m'nyumba yosungira zakale. Mafupa, mbalame zouma, kenako mtondo ndi munsi, ngati wa amayi weniweni, azungu ali kalikiliki kuujambula.

"Wokongola eti?"

"Wong'ambika pansi uwu," ndinatero.

Titatuluka, tinalowa mumsika wa ziboliboli. Anagula nyamalikiti wamtengo, khosi ngati mkono wanga. Kenako mvuu yamwala. Ndinaikweza. Manja anga sanama.

"Alamu, ichi n'chogwiritsira chiyani?"

"Kuika pashelefu."

"Kenako?"

"Kenako anthu aziona."

"Ku Liwonde si zilipo zamoyo?"

Anangoseka, n'kugulanso kamwana kake.

Kubwalo la ndege sikelo inapitirira ndi makilo atatu. Mtsikana wa pakauntala anatchula mtengo wa madola, alamu anatsegula sutikesi. Dzanja lawo linadumpha mvuu, n'kutulutsa katundu wa Watipa.

"A Fraser a kutchalitchi kwanu akupita kumudzi Ogasiti, adzanyamula."

Ogasiti, kuzizira kutatha. Koma achemwali a amuna ako sukangana nawo pagulu. Ndinangoyang'ana nyamalikiti yemwe anali m'manja mwawo, poti m'sutikesi sanakwanemo, ndipo palibe anamuyeza.

"Alamu, khosi ili lithyoka m'ndegemo."

Ndinagwada pomwepo, Tumbikani ali kumsana. Ndinakulunga khosi ndi juzi, thupi lonse ndi bulangete, n'kumanga ndi chingwe cha katundu uja.

"Koma inu mumaganiza!" anatero, n'kumukumbatira ngati khanda. Nsapato zokha zinakana kulowa.

Matatu anadya mashilingi makumi asanu ndi atatu, kukaona mtondo uja mazana anayi. Nyemba zinasasa poti tinadya tchipisi m'tauni. Nsapato zili pansi pa bedi kudikira a Fraser, ndipo ndinagula zomukwana ndendende.